Mmawa Umene Galimoto ya Apongozi Inakana Kulira

Kwathu ndi ku Ntcheu. Boma litanditumiza kukaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Bandawe, m'zaka za m'ma 1970, ndinkaganiza kuti ndikangokhalako pang'ono n'kupempha kubwerera kwathu. Koma ndinakumana ndi kalaliki wina wa ku esiteti ya mphira, mwana wa komweko, ndipo zobwerera zija ndinaziiwala. Titakwatirana tinamanga nyumba pamudzi pa makolo ake, pakati pa msewu wa ku Chintheche ndi nyanja.

Apongozi anga aamuna anakhala zaka zambiri ku Halale, komwe ankayendetsa galimoto ya kampani ina yophika buledi. Pobwerera kumudzi anabwera ndi masuti, wailesi, ndi galimoto yawoyawo, yobiriwira, yamsana wozungulira ngati chikumbu. Mmene ine ndinkafika pamudzipo n'kuti maso awo atachita ng'ala. Ankangoona kuwala ndi zithunzithunzi, moti galimotoyo ankayendetsa ndi amuna anga, popita kutchalitchi kapena ku Nkhata Bay. Masiku ena onse inkakhala m'chisakasa cha udzu, kuseri kwa khitchini.

Ine ndi apongozi angawo sitinkacheza. Sikuti panali chidani ayi. Kwathu ndinaleredwa kuti apongozi aamuna sayandikiridwa, ndipo ngakhale anthu a kunyanja sankaumirira mwambowo ngati kwathu, ine thupi silinkalola. Mmawa ndinkagwada chapatali n'kupereka moni m'Chitonga chochepa chimene ndinali nditatola. "Mwe uli, ada?" Iwo ankayankha kuti, "Nde umampha, ama," basi nkhani yathera pomwepo. Chichewa ankachidziwa, chimene anaphunzira kwa anzawo a ku Nyasalande ku Halale kuja, koma panalibe choti tikambirane.

Chaka china, nthawi ya dzinja, amuna anga anatumizidwa ku Blantyre kukachita maphunziro a ntchito yawo kwa miyezi ingapo. Galimoto inasowa woyendetsa. Komabe Loweruka lililonse mmawa apongozi ankapapasa njira ndi ndodo mpaka kuchisakasa, n'kulowa m'galimotomo, n'kuiliza. Ankaisiya ikulira kwa kanthawi iwo atakhala phee, mutu atapendeketsa, kenako n'kuzimitsa. Ankati galimoto ikangokhala osalira batire imafooka.

Loweruka lomaliza amuna anga asanabwere, ndinali kuseri ndikuyanika chinangwa pathandala, popeza dzuwa linali litatuluka patapita masiku a mvula yosalekeza. Ndinamva chitseko cha galimoto chikutsekeka. Ndinadikira kumva injini, koma chimene chinamveka ndi kaphokoso kamodzi kokha, kha! Kenako zii. Anayesanso, kha! Ndinapitiriza ntchito yanga ngati sindinamve.

"Ama a kusukulu!" Umu ndi mmene ankanditchulira akamanena za ine kwa anthu ena, koma kundiitana chonchi kanali koyamba.

Ndinapita n'kugwada pakhomo pa chisakasa. "Ndabwera, ada."

"Galimoto yakana. Makutu ndili nawo, manja ndili nawo, koma maso ndilibe. Mundibwereke anu."

Ndinawauza kuti za galimoto sindidziwa kalikonse, ndipo mwina ndithamange kukaitana dalaivala wa ku esiteti amene tinkapemphera naye. Munthuyo, wa ku Mulanje, ndi amene analonjeza kudzatiyendetsa sabata yotsatira kukachingamira amuna anga kudoko la ku Nkhata Bay, poti ankabwera pa sitima ya panyanja. Apongozi anakana. Anati munthu wagwira ntchito sabata yonse, asiyeni apume, ndipo chimene iwo akufuna si makaniko koma munthu wowauza zimene akuona.

"Imirirani kutsogoloko. Pogwada simuona kanthu. Ndiyatsa malaiti, mundiuze ngati akuwala."

Ndinaimirira. Malaiti anayaka bwinobwino, ndipo ndinawauza.

"Tsopano musachotse maso. Ndipotokola kiyi malaiti ali chiyakire."

Kha! Malaiti aja anafooka mpaka kutsala kofiira ngati khala la moto. Atasiya kiyi anawalanso.

"Afooka, ada. Anatsala pang'ono kuzima."

"Yewu," anathokoza motero. Kenako anandifotokozera, pang'onopang'ono, ngati mmene ine ndinkachitira ndi ana a sitandade wani. Anati chimene chimapukusa injini kuti idzuke ndi kamakina kotchedwa sitata, ndipo kamadya moto wambiri kuposa china chilichonse m'galimoto. Malaiti akanapanda kufooka, bwenzi tikudziwa kuti moto sukupita n'komwe kusitata, ndiye tikanayang'ana kukiyi ndi timawaya take. Koma poti afooka, ndiye kuti sitata ikupempha moto koma sukukwana. Mwina batire yatha mphamvu, mwina moto ukutsamwa penapake panjira, mwinanso sitatayo yakakamira.

Anatuluka n'kutsegula boneti osaphonya, dzanja likupita lokha pamene pali kachitsulo kotsegulira. Asanandilole kugwira kanthu anandifunsa ngati ndavala chibangili kapena mphete. Ndinali ndi mphete yaukwati. Anati ndivule, chifukwa anaonapo mnzawo ku Halale atapsa chala mphete itagunda batire ndi chitsulo nthawi imodzi. Ndinaimanga pamfundo ya chitenje.

Tinayamba ndi batire. Ndinatsegula tizitsekero take n'kusuzumira, ndipo madzi anali okwanira m'zipinda zonse. Koma pamitu iwiri ija pomangirira mawaya panali zinthu zoyera mosakanikira kubiriwira, zofufuma ngati nkhungu ya pachinangwa.

"Ndi zimenezo," anatero ndisanamalize kufotokoza. "Mphepo ya kunyanja kuno ndi chinyezi. Ku Halale batire inkatha chaka osachita zimenezi. Muli ndi soda kukhitchini?"

Soda ndinali naye, wophikira chigwada. Ndinatereka madzi, ndipo apa ndi pamene apongozi aakazi anatulukira kuchokera kudimba, khasu lili paphewa. Iwowa Chichewa sankachifuna, ankandiyankhula m'Chitonga basi, ndipo ndi chifukwa chawo ndinachiphunzira msanga. Anandipeza ndikusungunula soda m'kapu ndiwo palibe pamoto. Nditawauza kuti ndi wa galimoto anaseka mpaka kutsamira khoma, n'kunditsatira kuchisakasa kuti akaone okha.

Apongozi aamuna anali atatulutsa kale bokosi lawo la zitsulo. Anapapasa masipanala, n'kusankha imodzi pongoiyeza ndi chala. Anandiuza waya woyamba kumasula, umene umachoka pabatire kupita kuthupi la galimoto, womwe ankautchula kuti waya wa ethi. Anati ukayamba ndi umenewo, ngakhale sipanala igunde chitsulo sipathetheka moto. Nati inali yolimba. Ndinakoka ndi manja awiri, inakana. Iwo anaika dzanja lawo pamwamba pa sipanala, pafupi ndi langa, n'kugwedeza pang'ono, ndipo inamasuka. Ndinachita manyazi kuima pafupi nawo chotero, koma iwo maganizo awo onse anali pa nati.

Nditathira madzi a soda aja, zoyera zija zinachita thovu n'kusungunuka. Ndinapala mitu ya batire ndi kampeni mpaka inawala, n'kupukuta ndi kansanza. Iwo anayendetsa chala pamutu uliwonse, n'kundibwezera umodzi kuti ndipalenso mbali ya kumbuyo imene ndinaidumpha. Tinamanga zonse. Analowa m'galimoto, ine ndili kutsogolo, maso ali pa malaiti.

Kha!

Malaiti anafookanso chimodzimodzi. Ndinakhumudwa kuposa mmene ndinkayembekezera. Apongozi aakazi anati tingoitana anyamata a kugombe, amene anali kusoka maukonde, adzaikankhe ilire, nkhani ithe.

"Kukankha ilira, inde," anayankha amuna awo. "Nanga kudoko, pamaso pa anthu, tidzakankhenso? Mwana wathu atsike sitima ndi sutikesi n'kuyamba kukankha galimoto? Ndikufuna ndidziwe chimene chavuta."

Sanaoneke okwiya kapena otaya mtima. Ndikaganiza tsopano, ndimaona kuti ankasangalala. Anavula jekete n'kulipachika pamtengo wa chisakasa, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita masana.

Anati tiyese ngati sitata yakakamira m'mano a injini, poti galimoto zakale zinali ndi khalidwe limenelo. Analowetsa giya, n'kumasula buleki ya pamanja, n'kutiuza kuti tiigwedeze kutsogolo ndi kumbuyo. Ine ndi apongozi aakazi tinagwira kumbuyo n'kuyamba kukankha ndi kukoka. Mayi aja anayambitsa nyimbo imene asodzi amaimba pokoka khoka, ndipo tinagwedeza galimotoyo motsatira nyimbo, tikuseka, nkhuku zikuthawa pansi pake. Amuna awo anamvetsera, koma anati sanamve kulira kwa chitsulo chikumasuka. Anayesa kiyi. Kha!

"Sitata ilibe mlandu, ndikuganiza choncho. Batirenso sindikuikayikira kwenikweni, poti sabata yatha inapukusa mwamphamvu. Moto ukutsamwa panjira. Tsono mverani, ama. Pamene moto ukuvutika kudutsa pamatentha. Ine ndigwira kiyi kanthawi pang'ono, ndikasiya inu mukhudze paliponse pamene waya wonenepa wamangidwa. Mukhudze ndi kunsi kwa chala, mwachangu."

Tinatero. Mitu ya batire inali yozizira. Waya wopita kusitata ndinautsatira ndi dzanja mpaka pamene ndinatha kufika, wozizira. Anandifunsa za waya wa ethi uja, kumapeto kwake kwina. Ndinautsatira ndipo ndinaona kuti ukutsikira pansi pa chitsulo chokhalapo batire, n'kukazimirira kumene dzanja silikanafika kuchokera pamwamba.

"Pamafunika kulowa pansi," anatero, ndipo anayamba kupinda mawondo kuti alowe okha.

Akazi awo anawagwira phewa. Anawakumbutsa za msana wawo, kuti tsiku lina atawerama kutola ndodo anagona sabata yathunthu. Kenako anandiyang'ana ine. Kugona chagada pansi, miyendo ili kunja, pamaso pa apongozi aamuna! Mayi anga akanamva akanadwala. Masiku amenewo mkazi sankavala buluku, linali lamulo, ndiye ndinali ndi diresi ndi chitenje basi.

Apongozi aakazi anaona nkhope yanga. Anapita m'nyumba n'kubwera ndi mphasa ndi chitenje china. Anayala mphasayo pansi pa galimoto, n'kundimanga chitenje chija mwamphamvu kuyambira m'chiuno mpaka m'mapazi, ngati mtolo wa nkhuni.

"Lowani," anatero m'Chitonga. "Mukuopa chiyani? Awa saona. Oona ndine, ndipo ine ndalola."

Amuna awo anaseka chamumtima n'kutembenukira kumbali, ngakhale zinali zosafunika. Anaika miyala kumatayala, anaonetsetsa kuti giya yachoka ndipo buleki yagwira, kenako ndinakwawira pansi.

Kunsi kwa galimoto kunkanunkha oyilo ndi dothi lonyowa. Maso atazolowera ndinauona waya uja, wolukidwa ngati tsitsi, utamangidwa ndi bawuti kuchitsulo cha thupi la galimoto. Ndinawauza kuti ndaupeza. Anandichenjeza kuti ndisayandikire china chilichonse, ndipo anapotokola kiyi. Kha! Atasiya ndinakhudza pabawuti paja, ndipo ndinachotsa chala msanga.

"Pakutentha, ada! Pakutentha ngati chivundikiro cha poto!"

"Eyaa!" Anamenya chiwongolero ndi dzanja. "Yang'anitsitsani tsono. Wayayo ali bwanji?"

Ndinakanda ndi chikhadabo. Dzimbiri linagwera kumaso kwanga. Timawaya tambiri tinali titaduka, todyeka n'kusanduka tobiriwira, ndipo totsala tinali tochepa kwambiri. Ndinafotokoza zonse. Iwo anati asidi wa batire wakhala akudonthera pamenepo, chinyezi cha dzinja n'kumalizitsa. Timawaya totsalato tinkakwana kuyatsa malaiti, koma osati kupukusa injini.

Kumasula bawuti imeneyo ndiye inali ntchito. Anayamba achotsa waya pabatire, kenako anandipatsira sipanala ndi botolo la palafini kuti ndidonthezere pa dzimbiri. Tinadikira. Ndili chigonere pansipo, iwo atakhala pachitsa pambali pa tayala, anayamba kundifunsa za kwathu. Anati ku Ntcheu anadutsako pobwera ndi galimoto yomweyi, ndipo anagula mbatata ya kachewere pamsewu, yomwe akazi awo anaiphika ngati chinangwa n'kuipsereza. Apongozi aakazi anatsutsa ali kukhitchini. Anandifunsanso ngati ana a kuno akuchimva Chichewa m'kalasi. Ndinawauza zoona, kuti aang'ono amangondiyang'ana, ndipo ndimayamba ndawafotokozera m'Chitonga changa chothyokathyoka, iwo n'kumandikonza. Anaseka kwambiri. Anati nawonso ku Halale ankasekedwa chimodzimodzi. Kuyankhula nawo ndili kunsi kwa galimoto kunali kosavuta, mwina chifukwa sindinkaona nkhope yawo.

Bawuti inalola. Ndinatuluka ndi waya uja m'manja, nkhope yonse ili dzimbiri. Anaulandira n'kuupapasa kuyambira kumutu mpaka kumchira. Anati mbali yaikulu ndi yabwino, ndipo ndi wautali mokwanira kuti tidule kowolako. M'bokosi mwawo munali kachidutswa ka paipi ya kopa. Anadula waya ndi tchizulo, analowetsa nsonga yabwino m'kapaipi kaja, n'kukasula ndi hamala pamwala mpaka kanaphwatalala n'kuluma waya. Ine ndinkangogwirizira, ndikuopera zala zawo, koma hamala sinaphonye ngakhale kamodzi. Pobowola ndi pamene anafuna maso anga. Ndinaika msomali waukulu pakati penipeni, iwo n'kumenya, kenako tinakuza bowolo ndi tupa mpaka bawuti inalowa.

Ndinalowanso pansi. Anati ndipale chitsulo cha galimoto pomangirapo mpaka chiwale ngati supuni yatsopano, chifukwa waya wabwino pa dzimbiri ndi ntchito yachabe. Ndinapala ndi kampeni, n'kumalizira ndi mchenga wa kunyanja pakansanza. Ndinamanga bawuti ndi mphamvu zanga zonse, ndinapakapo girisi amene anandipatsira pa kamtengo, kenako ndinatuluka. Tinabwezera waya pabatire.

Ndinkapita kutsogolo kukayang'ana malaiti, koma anandiitana.

"Ayi, ama. Khalani pampando. Mwagwira ntchito ndinu, muilize ndinu."

Ndinali ndisanakhalepo kumbuyo kwa chiwongolero. Anaima pawindo, anagwedeza ndodo ya giya kuti atsimikize kuti ili pakati, n'kundionetsa pamene ndiike phazi. Ndinapotokola kiyi. Injini inapukusa mwamphamvu, inatsokomola, kenako inalira, galimoto yonse ikunjenjemera pansi panga. Ndinachita mantha n'kusiya chilichonse, manja m'mwamba. Apongozi aakazi analuluta kukhitchini, ndipo anyamata a kugombe aja anabwera akuthamanga poganiza kuti kwabadwa mwana.

Apongozi aamuna anaika dzanja padenga la galimoto, anamvetsera kwa kanthawi, kenako anati, "Yewu, ama. Yewu ukongwa." Ndiko kuti zikomo kwambiri.

Chinangwa changa chija nkhuku zinali zitachigwetsera pansi, ndipo ndiwo za masana zinachedwa. Palibe anadandaula.

Sabata yotsatira dalaivala wa ku esiteti uja anabwera, ndipo tinapita kudoko tonse. Msewu unali woterera, wamatope ofiira, ndipo m'mitengo ya mphira anthu anali akutsanula utomoni m'zidebe. Njira yonse apongozi ankamufotokozera dalaivalayo za waya wa ethi, ndipo pofotokozapo ankati "ine ndi ama a kusukulu tinaona", "ine ndi ama a kusukulu tinaganiza". Amuna anga atatsika sitima, asanafunse n'komwe za pamudzi, bambo awo anali atayamba kale nkhani yomweyo. Amuna angawo anandiyang'ana modabwa. Ndinangowaonetsa zikhadabo zanga, zomwe zinali zisanayere.

Kuyambira pamenepo Loweruka mmawa ndinkapita nawo kuchisakasa. Ndinkayang'ana madzi a batire ndi oyilo, n'kuwauza zimene ndaona, ndipo tikatha tinkakhala pamenepo n'kumacheza. Anandiuza za ulendo wawo woyamba wopita kunja, wapansi, ali mnyamata, ndi za misewu ya ku Halale mmene inkaonekera m'mamawa akamagawa buledi. Moni ndinkaperekabe chogwada, zimenezo sindinasiye, koma ndinkagwada pafupi.

Mvula itatha ananena okha kuti si bwino pamudzi kukhala ndi woyendetsa mmodzi. Amuna anga anazengereza, ati anthu adzanena. Bambo awo anayankha kuti anthu ananena kale pamene ndinalowa pansi pa galimoto, ndipo palibe chinachitika. Choncho tsiku lina masana, sukulu itatsekera, amuna anga anaiyendetsa mpaka pabwalo la mpira la kusukulu kwathu n'kutsika. Ine ndinakhala pachiwongolero, apongozi pambali panga, ndodo yawo ili pakati pa miyendo.

Ankandiphunzitsa ndi khutu. "Yalira mokwanira, sinthani. Phazi lakumanzere pang'onopang'ono, musaliponye." Galimoto inadumpha ngati chule n'kuzima. Ndinailiza, inadumphanso. Ana amene ndinkawaphunzitsa anatulukira m'minda ya chinangwa n'kuima m'mbali mwa bwalo, akukuwa kuti aphunzitsi alephera. Amuna anga anaima pagolo, akukupiza manja kuti ndikhote. Ulendo wina galimoto inanyamuka bwinobwino, ndipo ndinazungulira bwalo lonse osazimitsa, ana akuthamanga pambuyo.

Tikuzungulira kachiwiri ndinaona apongozi aakazi ataima pakona ya bwalo, dengu la chinangwa lili pamutu, akutiimitsa ndi dzanja ngati akuimitsa basi. Ndinaponda buleki mwamphamvu kwambiri moti chipewa cha amuna awo chinagwera pamiyendo. Mayi aja anatsegula chitseko cha kumbuyo, analowetsa dengu, n'kukhala bwinobwino.

"Kunyumba," anatero. "Mutu wandipweteka ndi katunduyu."

Ndinawauza kuti ndangoyamba lero, sindinayendepo pamsewu. Anati njira ya kunyumba ndi yowongoka ndipo mulibe ng'ombe. Ndinayang'ana apongozi aamuna. Anavala chipewa chawo, anakhala tsonga, n'kunena kuti, "Giya yoyamba, ama. Tikafika pa mtengo wa mango mundiuze, pali dzenje kumanja."

Tinapita choncho, pang'onopang'ono, amuna anga akutitsatira wapansi pamodzi ndi ana a sukulu.